Jombo Yakumanja ya a Enoch

Ine pa malonda sindinagonjepo. Funsani Mmalawi aliyense wa kuno ku Birmingham amene anagulapo kwa ine galimoto yotumiza kumudzi, akuuzani kuti kunenerera mtengo kwa Kondwani n'kutaya malovu: umachoka ukuthokoza, n'kukadzidzimuka uli kale kunyumba. Luso limeneli ndinachoka nalo ku Lilongwe, kumene ndinakulira pambali pa azakhali anga ogulitsa kaunjika. Nditafika ku Aston ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, Chingelezi chikundipotabe lilime, ndinayamba kusinthitsa zithunzi zomata za osewera mpira ndi ana a m'kalasi mpaka ena kukandinenera kwa aphunzitsi. Ngakhale nkhalamba ya khomo loyandikana ndi lathu ndinaitengera chuma chake chokhacho osatulutsa khobidi. Umu ndi mmene ndimaikambira nkhaniyi ndikakhala pa gulu. Lero ndiikamba mmene inayendera.

Ndikakumbukira Agogo Walter, ndimamva fungo la mafuta opaka chikopa, losakanikirana ndi la tiyi wokhalitsa m'kapu ndi kafungo ka hita ya gasi imene inkapuma ngati munthu wa chifuwa m'chipinda chawo chakumbuyo. Nyumba zathu zinali za njerwa zofiira zogundizana mzere umodzi, khoma lopyapyala moti akatsokomola iwo, amayi ankayankha ali kukhitchini kwathu kuti chifuwa chimenecho sichikuwasangalatsa. Amayi anali namwino. Anali m'gulu la anamwino amene anabwera kuno zaka zoyambirira za m'ma 2000, bambo atatsala kumudzi kudikira mapepala. Tsiku loyamba nkhalambayo inati tiziitchula Walter basi. Amayi anapukusa mutu.

"Munthu wa imvi zotere ndimutchule dzina ngati mnzanga wa ku wodi? Awa ndi agogo. Iwe Kondwani, ndikadzakumva ukuti Walter, udzaona."

Loweruka amayi akakhala pa shifiti ya masana ankandisiya kwa agogowo. Likakhala tsiku la mpira, msewu wathu unkadzaza kuyambira m'mawa: magalimoto oimikidwa mpaka pakhomo, fungo la anyezi wokazinga, amuna ovala masikafu akuyenda chigulu kulowera ku bwalo lalikulu la mpira lomwe linali pafupi ndi kwathu. Agogo Walter sankatuluka. Wailesi sankatsegula, kanema sankayatsa. Ankakankha zenera lakumbuyo, kaya kuzizire motani, n'kuyala nyuzipepala pa maondo, n'kutenga jombo imodzi ya mpira pamwamba pa kabati. Inali jombo yakalekale, yofika mu akakolo, chikopa chakuda bii ndi ukalamba, kumphuno kwake kolimba ngati chigoba cha kamba, kunsi kuli timisomali ta chikopa tokhomerera. Ankaipaka mafuta ndi kansanza pang'onopang'ono, mutu atapendekera ku zenera.

"Tamvera," ankatero. "Phokoso lokwera n'kudukira panjira, ameneyo waphonya. Lotsika, long'ung'udza, woyimbira walakwa. Chigoli sudzafunsa. Chimabwera ndi pansi pomwe, uona makapu akunjenjemera."

Ine ndinkangoti nkhalamba yasokonezeka. Ndinayamba kuiona bwino jomboyo tsiku lina amayi atanditenga ku msika wa ku Bilston kukagula mabulangete otumiza kumudzi. Kumeneko kunali mkulu wina wa ndevu zofiira wogulitsa zinthu zakale za mpira, ndipo m'kabokosi ka galasi munali jombo zofanana ndi ya agogo. Nditaona mtengo wake, m'mutu mwanga munalowa njinga. Ndinamufunsa ngati amagula. Anati jombo ya nthawi imeneyo, ikabwera ndi chithunzi cha mwini wake, tikhoza kukambirana.

Loweruka lotsatira ndinayamba ntchito yanga monga anandiphunzitsira azakhali: katundu amene ukumufuna uyambe wamunyoza.

"Agogo, jombo imodzi ngati imeneyi ndi ya ntchito yanji? Inzake ilibe. Ingokudyerani mafuta."

"Ukuifuna?"

"Ine? Ayi. Kungoti ndikhoza kukuthandizani kuichotsa. Ndizikakugulirani mkaka mwezi wonse."

"Mkaka amandibweretsera pakhomo."

"Ndikupatsani zithunzi zanga zonse za osewera. Zonyezimira zomwe."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anaika jomboyo pa tebulo pakati pathu.

"Iyi ndi ya bambo anga, a Enoch. Mtengo wake ndi uwu. Ndikuuza mbiri yawo. Tsiku limene udzandibwezere yonse, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, osachotsa kanthu, osawonjezera kanthu, udzainyamule. Ukalakwitsa, tionana Loweruka linalo."

Ndinadziletsa kuti ndisamwetulire. Njinga yogula ndi makutu.

"Chithunzi chikhalepo," ndinatero.

"Chikhalapo."

"Nanga basela?"

Sanalidziwe liwulo. Ndinawafotokozera kuti kwathu wogulitsa waulemu, malonda akatha, amaponyapo kena kapamwamba, kaya ndi tomato mmodzi, kaya kadzanja ka mtedza. Analitchula kawiri, kulilawa mkamwa.

"Basela. Chabwino. Koma ameneyo ndisankha ndekha."

Tinagwirana chanza. Kenaka anandiuza chifukwa chake, mosazungulira: analibe mkazi, analibe mwana, abale onse anatha. "Ndikapita ine, palibenso adzadziwe kuti kunali munthu dzina lake Enoch."

Mbiriyo inali iyi. A Enoch anabadwira ku Bilston, ndipo akali mnyamata analowa ntchito pa ng'anjo yosungunulira chitsulo. Mpira ankasewera pa bwalo la phulusa kuseri kwa fakitale, mpaka munthu wina wa chipewa anawaona n'kuwalembetsa ku timu yolipira osewera. Masiku amenewo kulipidwa chifukwa cha mpira chinali chinthu chimene akuluakulu ena sankachimvetsa, ndipo bambo awo anati n'zamanyazi mwamuna wa manja awiri kudyera kuthamangitsa chikopa. A Enoch anasewera zaka zisanu kumbuyo, ngati wotchinga. Mpira wake unali wosoka ndi chingwe, ukanyowa unkalemera ngati dzungu, ndipo ukaumenya ndi mutu chingwecho chinkasiya mzere pachipumi. Zaka zonsezo sanagoletse chigoli ngakhale chimodzi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, mpira sunaime msanga. Anyamata a m'mafakitale ankapita kukafa, osewera akuseweranso Loweruka, ndipo anthu anayamba kuwanyoza. Tsiku lina atatha masewero a Enoch anapeza envelopu pa malaya awo. Munalibe kalata, munalibe dzina. Munali nthenga yoyera ya nkhuku, chizindikiro chimene ankapatsa mwamuna amene akumuyesa wamantha. Sanauze munthu. Lolemba anakalembetsa usilikali.

Ku France anawapatsa ntchito yonyamula ovulala pa machira, chifukwa anali ndi msana wa pa ng'anjo ndi miyendo ya pa bwalo. Chipolopolo sichinawakhudze. Chimene chinawadya ndi matope. Anaima masabata ambiri m'maenje odzaza madzi ozizira, osavula nsapato, mpaka phazi lakumanja, lomenyera mpira lija, linaola, madokotala n'kulidula. Atabwerera kwawo, timu inawalembera kalata yowathokoza, n'kuwauza kuti azilowa ulere m'bwalo moyo wawo wonse. Sanapondemo. Anapeza ntchito ya ulonda pa geti la fakitale ku Aston. Jombo yakumanzere anaivala kudimba mpaka inatha, chifukwa chinthu sichitayidwa. Yakumanja inatsala. Loweruka lililonse ankatsegula zenera, n'kumaipaka mafuta, akumvetsera bwalo la timu imene sinali yawo n'komwe.

Ndinati zophweka. Loweruka lotsatira ndinaima pakati pa chipinda, manja kumbuyo ngati pa asembule, ndipo zonse zinayenda bwino mpaka ku France.

"Kenaka chipolopolo cha adani chinawalasa phazi akupulumutsa mnzawo."

"Chipolopolo chiti?"

"Agogo, matope sagwira mtima. Munthu womvera amafuna chipolopolo."

"Tionana Loweruka."

Sabata inayo ndinachotsa chipolopolo, koma pakamwa panga panatuluka chigoli cha mutu, mphindi yomaliza, anthu akuponya zipewa m'mwamba. Sindinachite kukonzekera, chinangobwera. Mwana woleredwa pa kaunjika saona malaya ong'ambika, amaona malaya olowa mphepo bwino. Sabata yachitatu ndinawapatsa a Enoch mendulo yochokera m'manja mwa mfumu.

"Katundu amafuna kukometsa, agogo. Ndikukuthandizani."

"Jomboyi ndiye katundu," anatero osakweza mawu. "Mwini wake ayi. Anthu anamunamizira kamodzi kuti ndi wamantha, zinamudyera phazi. Iwe usamunamizirenso kuti ndi ngwazi. Unene zimene anali."

Masamba anayoyoka m'misewu, mdima unayamba kugwa tisanaweruke kusukulu, ine ndikulephera mayeso a nkhalamba. Pena ndinkaiwala munthu wa chipewa, pena ndinkadumpha Lolemba lija. Koma makutu anga anayamba kutseguka. Tsiku lina phokoso linakwera n'kudukira panjira, ndipo ndinadzimva ndikuti, "Waphonya ameneyo," iwo asanatero. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kundikankhira mbale ya mabisiketi.

Loweruka lina chakumayambiriro kwa Disembala anaganiza zondibwerezera mbiri yonse kuti ndimve bwino. Anafika pa envelopu paja n'kuima. Kansanza kanali m'manja, pakamwa pali potsegula, maso akufufuza pa khoma.

"Anapeza... anapeza chiyani muja?"

"Nthenga yoyera, agogo. Ya nkhuku. Munalibe dzina."

"Eya. Nthenga."

Anaika jomboyo pa tebulo. Kunja bwalo linkang'ung'udza. Kenaka anati, "Tayesa lero, mnyamata. Ndikuona ngati wafika."

Ndinali nditafikadi. Ndinaidziwa yonse ngati pemphero la pa chakudya. Ndinayenda nayo bwinobwino mpaka pa geti la fakitale, jombo ili pa tebulo ikundiyang'ana, njinga ili pafupi. Ndiye ndinati a Enoch tsiku lina analowa m'bwalo anthu n'kuwaombera m'manja. Ndinalakwitsa dala. Ndikamakamba pa gulu ndimati chinali chifukwa cha mabisiketi.

"Tionana Loweruka," anatero, ndipo ndikhulupirira kuti anadziwa.

Tinaonananso Maloweruka awiri okha. Mu Januwale chifuwa chija chinasanduka chibayo. Amayi ndi amene anaitana ambulansi m'mawa wina ine ndili kusukulu, ndipo patatha masiku asanu anabwera kuchokera ku shifiti, n'kukhala pa mpando osavula jasi, n'kundiuza kuti agogo atisiya.

Popeza panalibe wachibale, maliro anali m'manja mwa khonsolo. Amayi atafunsa, anauzidwa kuti mwambo ukhala Lachinayi m'mawa ku nyumba yowotchera mitembo, wa mphindi zochepa, ndipo sakuyembekezera anthu.

"Zowotchazo ndi mwambo wawo, sindilowererapo," anatero amayi. "Koma kupita okha ngati alibe anansi, ayi. Ife tilipo."

Anagwira foni madzulo onse. Lachinayilo kunabwera anthu oposa amene ndinkaganiza: anamwino ochokera ku chipatala cha ku Selly Oak atamanga zitenje pamwamba pa majasi, ena maso ali psuu ndi tulo, amayi a kumpingo kwathu, madoda atatu opempha chilolezo ku ntchito. Palibe mmodzi mwa iwo amene anawaonapo Agogo Walter. Mayi wachizungu woyendetsa mwambo anatuluka ndi kapepala kamodzi m'manja, ataona chipinda chadzaza anabwerera kukaonetsetsa ngati sitinasochere maliro.

Titaimba nyimbo imodzi, a Gondwe, mkulu wa mpingo, anaimirira n'kufunsa funso limene pa maliro a kwathu silingalephere.

"Mbiri ya malemu atipatsa ndani?"

Mayi uja anayang'ana kapepala kake. Panali dzina, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira. Amayi anandigwira paphewa.

"Uyu ndi amene amakhala nawo Loweruka lililonse. Pita, Kondwani."

Ndinaima pambali pa bokosi. Nditatsegula pakamwa panatuluka chinthu chokhacho chimene ndinali nacho. "A Enoch anabadwira ku Bilston." Ndinaona anthu akuyang'anizana, ena akusuzumira dzina la pa bokosi, koma sindinaime. Ndinanena za ng'anjo, za bwalo la phulusa, za munthu wa chipewa. Ndinati sanagoletse chigoli ngakhale chimodzi. Ndinanena za nthenga, za Lolemba, za machira. Pa matope paja anamwino ena anagwedeza mitu, chifukwa phazi loola amalidziwa. Ndinamaliza ndi zenera. Sindinachotse kanthu, sindinawonjezere kanthu. Amayi ena kumbuyo ankalira, akuti, "Kani anavutika chonchi bambowa."

A Gondwe anandiyandikira n'kunong'ona.

"Mwana wathu, wayankhula bwino. Koma a Enoch ndi dzina lina la malemuwa?"

"Ayi. Ndi bambo awo."

"Nanga malemuwa?"

Ndinayang'ana bokosi. Ndinafufuza m'mutu monse. Sindinkadziwa ntchito imene ankagwira. Sindinkadziwa ngati anakondapo mkazi, ngati anasewerapo mpira, ngati nkhondo yachiwiri inawatenga nawonso. Miyezi yonse ija ndinakhala moyang'anizana ndi munthu, maso anga ali pa jombo.

"Anali mwana wawo," ndinatero.

A Gondwe anadikira kuti ndipitirize. Ataona kuti zathera pomwepo, anatembenukira kwa anthu n'kunena mokweza, "Malemu a Walter anali mwana wa a Enoch." Anayambitsa nyimbo, nsalu yotchinga bokosi n'kutsekeka.

Pobwerera mu basi, titayandikira kwathu, amayi anandifunsa.

"Miyezi yonseyi sunawafunse za iwo eni?"

"Iwonso sananene."

"Wamkulu sayamba yekha. Amadikira kufunsidwa."

Titalowa m'nyumba anatulutsa jumbo ya pulasitiki pansi pa bedi lawo. Anati agogo anawapatsa ambulansi isanafike, n'kuwauza kuti akhale woyimbira: mnyamata akadzainena bwino, adzamupatse. "Mbiri ya munthu wina pa maliro a munthu wina," anatero amayi. "Koma sunaname. Tenga." Munali jombo ndi chithunzi cha mnyamata wa ndevu zapamlomo, manja atapinda pachifuwa, phazi lakumanja lili pa mpira.

Musaganize kuti ndinasanduka mngelo. Patatha milungu itatu ndinali ku Bilston, jumbo m'manja. Wa ndevu zofiira uja anaitembenuza jomboyo, kuinunkhiza, kuyang'ana chithunzi. Anayamba monga ndikanayambira ine: imodzi yokha, mwini wake wosadziwika, timu yake inatha kalekale. Ine ndinamubwezera kuti apeze ina yosamalidwa chonchi m'dziko lonse la England. Tinakokana bwino ndithu, ndipo anayamba kufewa. Kenaka anati:

"Unati anapita ku nkhondo? Ndiye tilembe pa kakhadi kuti anagoletsa zigoli zambiri, anawomberedwa ku France. Zoterezo zimayenda msanga."

"Sanagoletse chigoli ngakhale chimodzi."

"Adziwa ndani?"

"Chipolopolo sichinawakhudze. Anali matope."

"Mwana iwe, ukufuna kugulitsa kapena kulalikira?"

Ndinamulanda jomboyo kuti ndimuonetse kulimba kwa kumphuno, poti mwina tibwerere ku nkhani ya mtengo. Nditalowetsa dzanja mkati, zala zinakhudza pepala lokhwinyata kumapeto kwenikweni. Inali envelopu yofiirira ndi ukalamba, yofewa ngati nsalu. Pamwamba pake panali mawu a bolopeni, olembedwa posachedwa ndi dzanja la agogo: basela. Sindinafunike kuitsegula, koma ndinaitsegula. Nthengayo sinalinso yoyera. Inali yotuwa, yothothoka mbali imodzi, kanthu kopepuka koti mpweya wa m'mphuno ukanakaulutsa. Kanthu kameneko ndi kamene kanadula phazi la munthu.

Ndinabweza zonse m'jumbo. Wa ndevu uja anandiitana kawiri, akukweza mtengo, zimene wamalonda aliyense amalota. Sindinacheuke. Njinga ndinadzagula patapita zaka ziwiri, yakale, yopanda mabuleki akumbuyo.

Panopa ndili ndi banja langa, ndipo sindinasamuke ku Aston, ngakhale mkazi wanga amadandaula za magalimoto a tsiku la mpira. Ndinayesapo kufufuza za Agogo Walter. Anansi akale anasamuka, nyumba ija munalowa anthu ena, ndipo zimene ndikudziwa lero ndi zomwe ndinanena pa maliro paja. Loweruka ndimatseka foni ya malonda a magalimoto, ndimakankha zenera lakumbuyo, n'kuyala nyuzipepala pa maondo. Mwana wanga wamkazi, amene ndikamuyankhula Chichewa amandiyankha m'Chingelezi, anafika kale pa nthenga, koma akumapatsabe a Enoch chigoli cha mutu. Ndimamuuza kuti tionana Loweruka. Sabata yatha anandifunsa kuti nanga munthu amene anandipatsa jomboyo anali wotani, ndipo ndinamuuza za hita, za mabisiketi ndi za kansanza, n'kuthera pomwepo.

Ndiye tiyeni tiwerengere limodzi, inu amene mumadziwa malonda. Ine ndinatenga jombo, chithunzi ndi basela, osalipira khobidi. Nkhalamba ija inapeza chipinda chodzaza anthu olira bambo ake, inapeza wopaka mafuta wa moyo wonse, ndi mwana wa wopakayo ali kale pa mzere. Koma iyo yomwe inapita ndi mbiri ya mawu atatu, chifukwa wogula wake sanafunse. Pamenepa anapambana ndani?